Kalata ya Teleza ndi Mlatho wa a Muhiwa

Ndiyambe ndi kuvomera kuti pali chinthu chimodzi chokhudza a Winston Muhiwa chimene sindinachimvetse, ndipo sindikuona ngati ndidzachimvetsa. Bambowa anathandiza ana a eni ake ambiri kunena zakukhosi mosazungulira, papepala ngakhale pakamwa. Koma tsiku limene iwo eni anafunsidwa funso lofuna yankho la liwu limodzi, anazungulira mpaka nthawi inatha. Ndafunsa anthu amene ankawadziwa. A Gideoni Namaona, mphunzitsi amene anakhala nawo pafupi kuposa wina aliyense m'chaka chawo chomaliza kuno, nawonso amangopukusa mutu. Zimene zalembedwa pano n'zimene a Namaonawo anaona.

A Muhiwa anabadwira m'malaini a esiteti ina ya tiyi chakufupi ndi Makwasa. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi, atasenza mphasa ndi kathumba ka mbewu ya kalongonda. Bambo awo anali wodulira tiyi, mayi awo wothyola. A Muhiwa anaphunzira kumishoni mpaka sitandade sikisi, ndipo sukulu inathera pomwepo bambo awo atamwalira, chifukwa nyumba ya m'malaini inkafuna kuti pakhale wina wa pabanjapo wogwira ntchito pa esiteti. Anabereka dengu ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Patapita nthawi kapitawo wina anaona kuti mnyamatayo amalemba zowerengeka bwino, ndipo anamupezera umesenjala. Ntchitoyo anaigwira zaka makumi atatu, kupalasa njinga pakati pa fakitale ndi maofesi a m'minda, kaya kuli dzuwa kaya chiperoni.

Koma anthu a m'malaini sankawadziwa ndi njingayo. Ankawadziwa ndi makalata. Masiku amenewo mayi akafuna kulankhula ndi mwamuna wake amene ali ku Joni, kapena mkulu akafuna kuitana mphwake ku Milanje, ankapita kwa a Muhiwa Lamlungu masana. Akuti kalata yawo sinkapitirira tsamba limodzi, ndipo inkayankhidwa. Sindikunena izi powatamanda. Alipo mayi wina ku Goliati amene mpaka lero safuna kumva dzina lawo. Akuti kalata imene anamulembera inanena zoona zochuluka kuposa zimene iye ankafuna kuti mwamuna wake amve, ndipo banja linathera pomwepo. A Muhiwa analinso munthu wamakani, wokonda fodya wam'mphuno, wosachedwa kunyanyala. Mafoni atabwera makalata anatha. Atapuma pa esiteti anapeza ganyu yotchetcha udzu pakoleji yaing'ono yophunzitsa alangizi a zaulimi, yomwe inatsegulidwa m'mashedi akale a esitetiyo. Kumeneko n'kumene anakumana ndi a Namaona.

A Namaona ankaphunzitsa luso la kulemba ndi kulankhula, phunziro limene ophunzira ankaliyesa lopepuka mpaka atalilephera. Mlangizi amayenera kudziwa kulemba lipoti, kulembera mamanijala makalata m'malo mwa alimi, ndi kuima pamsonkhano n'kunena zomveka. Chaka ndi chaka a Namaona ankalemba pabolodi kuti mfundo iyambe, zina zitsate. Ophunzira ankakopera bwinobwino, ena mpaka kudula mzere kunsi kwake. Akawapatsa ntchito, ankabweretsa masamba awiri a moni. Kaya alembe m'Chingerezi kaya m'Chichewa, matenda ake anali omwewo.

Wodwala kuposa onse anali Teleza Mulepa, mtsikana wa ku Khwethemule, mwana wa mayi wolima tiyi pa theka la ekala. M'maphunziro a nthaka ndi a tizilombo ankakhoza bwino. Kwa a Namaona anali atalephera kawiri. Lamulo la pakolejipo linkati wolephera phunziro limodzi katatu azipita kwawo, ndipo Teleza ankadziwa chimene chikumudikira kwawoko: dengu la amayi ake. Teremu imeneyo inali mpata wake wotsiriza.

Tsiku lina masana a Namaona anali kuchonga pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa ofesi, mphepo n'kuulutsa pepala limodzi. Linakagwera pamene a Muhiwa ankatchetcha. Iwo anagoneka chikwakwa n'kulitola, ndipo m'malo molibweza anayamba kuliwerenga, atalitalikitsa ndi maso.

Inali kalata yoyeserera ya Teleza. Ophunzira anauzidwa kuti aliyense alembere manijala wa esiteti za vuto lenileni la alimi a kwawo. Teleza anayamba ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa a manijala. Anafunsa za banja lawo. Anathokoza chifukwa cha mbande zimene alimi analandira zaka zitatu zapitazo, anafotokoza mmene mvula yagwera, anatchula mayina a akuluakulu onse asanu ndi awiri a kalabu ya alimi. Anamaliza ndi mawu oti akukhulupirira kuti a manijala amvetsa.

"Mwamupatsa malikisi angati?" anafunsa a Muhiwa.

"Ochepa. Sananene chimene akufuna."

"Mwamuperekeza?"

A Namaona anadzutsa mutu. "Kumuperekeza kuti?"

"Ndikufunsa ngati mwamuperekeza."

"A Muhiwa, mwanayu akukhala pa lendi kumsewu uko. Njira amaidziwa."

A Muhiwa anatulutsa kabotolo ka fodya, n'kukagogoda pachikhatho. "Aphunzitsi, kwanu kukabwera alamu anu, mwawapatsa mpando, amanena pomwepo chimene abwerera?"

"Ayi."

"Amanena nthawi yanji?"

A Namaona anaganiza. Alamu awo anabweradi mwezi wathawo. Anakhala tsiku lonse akukamba za mpira ndi za nthochi zimene zikutha ndi matenda a chisaka, ndipo za kudwala kwa apongozi anazinena ataima pamphambano, phazi lili kale papedulo ya njinga.

"Potsanzikana," anatero a Namaona. "Tikawaperekeza."

"Ndiye basi. Ine munthu akabwera kudzalembetsa kalata, ndinkamusiya alankhule, cholembera chili m'thumba. Akatha ndinkati tiyeni ndikuperekezeni. Tikafika posiyana, iye aima, n'kuti, koma a Muhiwa, chachikulu muwauze kuti mwana wachiwiri uja sakuyendabe. Ine ndibwerera, ndikalemba chimenecho."

"Koma pepala si mlendo."

"Mlendo ndi mwanayu. Pepalali waliona ngati nyumba ya eni ake. Waodira, walowa, wakhala pamphasa, wapereka moni. Inu mwamusiya momwemo."

Anabweza pepalalo n'kutolanso chikwakwa.

A Namaona anakhala ndi nkhaniyi masiku angapo osadziwa poiyika. M'mabuku amene anaphunzira munali chithunzi cha wotumiza uthenga, uthengawo, ndi wolandira, ndi mivi yoloza uku ndi uku. Munalibe muvi wa woperekeza. Nthawi zina ankaona ngati mkuluyo wanena chanzeru, nthawi zina ngati wangonena zoseketsa za anthu opuma pantchito. Lolemba anayesa kuifotokoza m'kalasi. Ophunzira analemba liwu loti kuperekeza m'makope awo, ndipo mmodzi anakweza mkono kufunsa ngati lidzabwere pamayeso.

Njira yochokera pakolejipo kupita kumsewu waukulu imatsetsereka pakati pa tiyi mpaka kukamtsinje, pamene pali mlatho wa matabwa atatu. Lachinayi la sabata imeneyo, cha m'ma folo koloko, a Namaona anasuzumira pawindo n'kuona a Muhiwa akutsetsereka njirayo ndi Teleza, mtsikanayo patsogolo, iwo pambuyo, chikwakwa paphewa. Udzu wa kuseri kwa laibulale unali usanathe.

M'mawa mwake Teleza anafika kuofesi ndi pepala lolembedwa theka lokha. Chiganizo choyamba chinali cha galimoto yotenga tiyi wa alimi. A Namaona anawerenga, anayang'ana dzina pamwamba, n'kuwerenganso.

"A Muhiwa anakuuza chiyani dzulo?"

"Palibe, aphunzitsi. Amangondifunsa za amayi, za nandolo, za kalabu. Ine ndimangoyankha. Titafika pamlatho anati iwo abwerera apa. Ndiye ndinangoti, komatu bambo, galimoto yotenga tiyi ikumafika thu koloko, tiyi atapsa kale m'matumba, ndiye akumatibwezera."

"Ndiye iwo anati chiyani?"

"Anati, wati bwanji? Ndinabwereza. Iwo anabwerezanso, kuti galimoto ikuchedwa, tiyi akupsa, akukubwezerani. Anati ukafika ulembe chimenecho usanamwe madzi."

"Si zimene ndakhala ndikukuuzani zaka ziwiri zonsezi? Mfundo iyambe."

"Eya, aphunzitsi."

"Nanga bwanji sunkachita?"

Teleza anayang'ana pansi. "Kungoyamba ndi galimoto kwa munthu wamkulu ngati a manijala, ndimaona ngati mwano. Ngati ndalowa m'nyumba mwawo osaodira."

"Nanga pano si mwano?"

"Ndi mwanobe. Koma poti ndinanena kale pamlatho."

A Namaona sanalione mutu wake yankho limeneli, ndipo anamuuza kuti azipita kukalasi.

Nkhani inafalikira. Pasanathe masabata atatu ophunzira anayamba kudikirirana pageti madzulo alionse, anyamata ndi atsikana omwe. A Muhiwa sankaperekeza gulu. Ankatenga mmodzi, ena n'kuwauza kuti mawa. Tsiku lina akadzuka ndi msana ankakana onse. Ophunzira anaitcha kalasi ya pamlatho, ndipo wina akayamba kuzungulira pofotokoza nkhani m'kalasi, anzake ankamuuza kuti aise, fika pamlatho. Makalata ndi malipoti anayamba kufupika. Si onse amene anasintha, ndipo zolakwika za galamala zinalipobe monga kale. Koma a Namaona anayamba kumaliza kuchonga dzuwa lisanalowe, ndipo udzu wa pakoleji unayamba kufika m'mawondo.

Chimene chinkawavuta n'chakuti sankadziwa chimene chikugwira ntchito. Kodi ndi kuyendako? Kodi ndi mlathowo? Anaganiza zoyesa okha. Anasankha mnyamata wina wolongolola dzina lake Madalo, amene malipoti ake ankayambira pa Adamu. Ataweruka anamuuza kuti tiye ndikuperekeze. Madalo anayenda njira yonse manja ali kumbuyo, akungoyankha zofunsidwa. A Namaona anafunsa za kwawo, iye anati kuli bwino. Anafunsa za nandolo, iye anati ali bwino. Atafika pamlatho a Namaona anati abwerera apa, n'kuima kudikira.

Madalo anaimanso. "Aphunzitsi, ngati ndi za foni ija m'kalasi, pepani, sindidzachitanso."

A Namaona anakwera chitunda chija okha. Anapeza a Muhiwa akunola chikwakwa pamwala.

"Zakanika," anatero a Namaona.

"Munapita ndi cholembera chofiira?"

"Chili m'thumba."

"Amachiona," anatero a Muhiwa, osadzutsa mutu.

Mayeso a kumapeto kwa teremu anali ndi mbali ziwiri, ndipo yaikulu inali kalata yokalembera kunyumba. Teleza anabweretsa tsamba limodzi. Moni unalimo, mzere umodzi. Kenako anapempha kuti galimoto izifika pashedi ya kalabu yawo leveni koloko isanakwane. Anatchula masiku asanu ndi anayi a mwezi wa Febuluwale amene tiyi wa alimi anabwezedwa atapsa. Ananenanso kuti alimi akudziwa kuti woyendetsa amaopa matope a pakhonde la tchalitchi, ndipo kalabu yavomera kuthira miyala pamenepo ngati esiteti ibwereke wilibala ziwiri. A Namaona anamupatsa malikisi apamwamba, mtima uli m'malo koyamba m'zaka ziwiri.

Koma pakolejipo pepala la wophunzira amene ali pa mpata wotsiriza limachongedwa ndi aphunzitsi awiri. Wachiwiri anali a Peterson Khoromana, mphunzitsi wa za nthaka, munthu wosamala amene chaka chathacho anagwira ophunzira anayi akukopera ntchito pafoni. Anafika kuofesi ya a Namaona pepala lili m'manja.

"Achimwene, mwana amene kawiri konse watilembera masamba awiri a moni, lero walemba izi?"

"Waphunzira."

"Kwa inu?"

A Namaona analandira pepalalo n'kuliyang'ananso.

"Tonse tikumuona amene akuyenda naye madzulo," anatero a Khoromana. "Mkulu ameneyo wadyera makalata a eni ake zaka makumi atatu. Amayi anga omwe anawalemberapo. Kalembedwe aka ndikukadziwa. Tsamba limodzi, ndipo ukawerenga umafuna kuyankha."

A Khoromana anakanena kwa mkulu wa koleji, mayi Eneless Chikopa, ndipo mayiwo anaitanitsa komiti Lachisanu m'mawa. Mlandu unali woonekeratu. Ngati kalatayo analemba ndi a Muhiwa, Teleza walephera kachitatu, ndiponso wabera.

A Namaona sanade nkhawa kwenikweni. Lachinayi anakawapeza a Muhiwa kuseri kwa laibulale n'kuwauza kuti akungofunika kunena kuti sanalembe.

"Ndamva, aphunzitsi."

"Simunalembe, eti?"

"Mawa naini koloko?"

"Naini koloko."

M'mawa mwake a Muhiwa anabwera atavala jekete yakuda ya umesenjala wawo, chipewa chili m'manja. M'chipindamo munali mayi Chikopa, a Khoromana, a Namaona, ndi Teleza atakhala pampando wa pakona, manja ali pamaondo. Mayi Chikopa ananeneratu kuti teni koloko anyamuka kupita kumsonkhano ku Blantyre. Anakankhira pepala patsogolo pa a Muhiwa.

"Bambo, funso ndi limodzi. Kalata iyi munalemba ndinu?"

A Muhiwa anakhala pansi bwinobwino, n'kuika chipewa pabondo. Anapereka moni kwa mayi Chikopa, n'kufunsa za kunyumba. Anapereka moni kwa a Khoromana, n'kufunsa ngati amayi awo mwendo uja unapola. Anapereka moni kwa a Namaona, amene anali atawapatsa kale moni panja. Kwa Teleza anapereka moni m'Chilomwe, mtsikanayo n'kuyankha ndi mawu osamveka.

"Tonse tili bwino, bambo," anatero mayi Chikopa. "Kalatayi."

"Eya, madamu. Chipinda chino ine ndikuchidziwa. Kale munkakhala feteleza muno. Apo pali kabatipo panali sikelo. Chaka cha mvula yambiri ija denga linadontha, matumba onse anauma ngati miyala, tinkaswa ndi hamala."

"A Muhiwa," anatero a Namaona motsitsa mawu, "akungofuna kumva inde kapena ayi."

"Ndamva, aphunzitsi, ndikubwera komweko. Mwanayu ndi wa kwa a Mulepa. Agogo ake aamuna, a Mulepa aakulu, anali munthu wamtali, wodulira tiyi ndi dzanja lamanzere. Ndinawalemberapo makalata atatu. Ina inali yopita kwa manijala wa nthawi imeneyo, yokhudza ngolo imene inkachedwa kudzatenga tiyi."

A Khoromana analemba kanthu papepala lawo. A Namaona sankamvetsa. Munthu yemweyu ndi amene ankauza ana kuti alembe chachikulu asanamwe madzi. Anayesa kuwakola maso, koma a Muhiwa ankayang'ana pakabati pamene panali sikelo.

"Ndiye kuti makalata a ngolo ndi magalimoto ochedwa mumawadziwa bwino," anatero a Khoromana.

"Kwambiri, bwana. Vuto limenelo ndi lakale. Tiyi safuna kudikira. Mukamuthyola m'mawa, pofika masana wayamba kutentha m'thumba ngati mwana wa malungo. Mukalowetsa dzanja mumamva."

"Munalemba kapena simunalembe?"

"Ndikubwera komweko, bwana."

Anakamba za njinga yawo ya umesenjala, imene inalibe mabuleki akumbuyo. Anakamba za mphunzitsi wawo wa kumishoni, amene ankamenya zala ndi rula mwana akalemba chilembo chopendama. Anathokoza koleji chifukwa cha ganyu. Anapepesa chifukwa cha udzu. Mayi Chikopa anayang'ana wotchi kachitatu, n'kutseka faelo.

"Bambo, zikomo. Mukhoza kupita."

A Muhiwa anaimirira pang'onopang'ono, anatsanzika aliyense, n'kupita kukhomo. Pakhomopo anaima, akutembenuza chipewa m'manja. A Namaona anadzuka n'kuwatsatira mpaka pachitseko.

"A Namaona, khalani pansi, sitinathe," anatero mayi Chikopa.

A Namaona anaima pomwepo. A Muhiwa anawayang'ana kanthawi, anavala chipewa, n'kutsika masitepe.

Mayi Chikopa anati sangachotse mwana popanda umboni, komanso sangamukhozetse pamene mboni yake yomwe yalephera kumuikira kumbuyo. Anagamula kuti Teleza alembe kalata ina pomwepo, ola limodzi, mutu wake apereke a Khoromana. Aphunzitsi onse awiri akasaina kuti wakhoza, nkhani yatha. Mmodzi akakana, Teleza alongedze. Atatero anatenga chikwama chawo n'kunyamuka.

A Khoromana anapereka mutu wa m'phunziro lawo: chigwembe chikudya minda ya mabanja asanu kumunsi kwa msewu watsopano, alembere mkulu wa zaulimi wa dera. Anaika wotchi patebulo.

Teleza anayamba kulemba nthawi yomweyo. A Namaona anadutsa kumbuyo kwake ngati akupita kukatsegula windo, n'kuponya diso. Mzere woyamba unkati, choyamba ndithokoze Mulungu. A Namaona anakhala pansi. Mtsikanayo analemba mpaka theka la tsamba, kenako cholembera chinaima. Panapita mphindi khumi akungoyang'ana pepala. Panja pankamveka thirakitala ikukwera chitunda ndi tiyi wa m'mawa.

"Aphunzitsi, ndingaimirire?"

"Kutuluka ayi," anatero a Khoromana.

"Sindituluka."

Anayenda mpaka pachitseko, n'kuima atawafulatira, dzanja lili pachogwirira. Milomo yake inkagwedera ngati akulankhula ndi munthu. A Khoromana anayang'ana a Namaona ngati akufunsa kuti mwanayu akupemphera kapena wadwala. Teleza anabwerera pampando, anatembenuza pepala, n'kuyambira kuseri kwake. Anamaliza kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri.

A Khoromana anawerenga kawiri. Kalatayo inayamba ndi chigwembecho, kutalika kwake ndi kumene madzi akuchokera. Inapempha mlangizi wamkulu kuti abwere mvula isanayambe, ndipo inati mabanjawo ali okonzeka kudzala udzu wa vetiva akapatsidwa mbewu. Munali mawu awiri olembedwa molakwika. A Khoromana anawazunguliza ndi chofiira, kenako anasaina.

"Wakhoza," anatero, Teleza atatuluka. "Ndinamuganizira molakwa, ndikamuuza. Koma ndikufunabe kudziwa chimene chinawaletsa akulu aja kunena kuti ayi."

"Inenso," anatero a Namaona.

Anatuluka kukawauza a Muhiwa. Kuseri kwa laibulale kunalibe munthu. Chikwakwa anachipeza chitatsamira pachitseko cha sitolo ya zida, chonoledwa bwino, chogwirira chake chitakulungidwa mphira watsopano. Mlonda wa pageti anati anawaona akutsetsereka njira ya pamlatho okha, jekete ili paphewa, cha m'ma teni koloko. Teleza anathamanga mpaka kumlathoko, osapeza munthu.

A Namaona akhala akuitembenuza nkhaniyi mpaka lero. Nthawi zina amaganiza kuti mkuluyo anachita manyazi kufunsidwa funso lotero pamaso pa mwana. Nthawi zina amaganiza kuti anakwiya, popeza anali munthu wonyanyala. Nthawi zinanso amakumbukira zimene Teleza anawauza masana omwewo, atamufunsa ngati a Muhiwa anaikapo liwu lawo m'kalata yoyamba ija. Iye anati ayi, mawu onse anali ake, kungoti anawamva bwino atatuluka m'kamwa mwa a Muhiwa. Mwina kwa munthu amene walembera anthu makalata moyo wake wonse, funso loti walemba ndani silinali lophweka monga komiti inkaganizira. Kapena mwina yankho anali nalo, ndipo ankadikira malo ake oliperekera. A Namaona sakonda kukhalitsa pa ganizo limeneli.

Lolemba a Muhiwa sanabwere kuntchito. Lachiwiri a Namaona ndi Teleza anapita kumudzi kumene ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi Esnat, wogulitsa nthochi. Mayiwo anati Loweruka m'mawa mkuluyo anasesa m'chipinda, anawapatsa kiyi, n'kuwasiyira nkhuku zake ziwiri. Katundu anali chikwama chimodzi ndi wailesi.

"Anati akupita kuti?" anafunsa a Namaona.

"Sananene. Ndinawauza kuti mtsikana uja akuti wakhoza, poti ana a sukulu amadutsa pano akukamba. Anati eya, amva."

"Basi?"

"Anafunsanso ngati nkhukuzo ndizikwanitsa, poti ina imakonda kuikira kwa aneba."

M'bale wawo wodziwika anali mdzukulu mmodzi ku Luchenza, ndipo iye anati sanawaone chiyambire Khirisimasi. Wina wa m'malaini anati ayenera kuti apita ku Milanje, kwa agogo awo, ngakhale kuti palibe amene anawamvapo akukamba zopita kumeneko. Wina anati ku Limbe. Munthu womaliza kuwaona anali woyendetsa kabaza, amene anawanyamula kumsewu waukulu n'kukawatsitsa pa Thyolo boma, pamene pamaima maminibasi a mbali zonse. A Namaona atamufunsa kuti anakwera yopita kuti, iye anati sanayang'ane, chifukwa nthawi yomweyo kunabwera mayi wina ndi thumba la chinangwa, wofuna kupita ku Makwasa.